Mowa wa Malemu Takawira

Mudzi wa Rambai, Gutu
21 Ogasiti 1994

Wokondedwa mlongo wanga Jokoniya,

Moni kwa iwe, kwa alamu, ndi kwa ana ako onse, amene ndikuwadziwa ndi amene sindikuwadziwa. Kuno tili bwino, kupatula maondo angawa amene amalira ngati chitseko cha khola ndikamadzuka.

Ndafika kumudzi, ndipo ndafikiratu. Azungu anga atsatira ana awo kunja, andisiyira wailesi, mabulangete awiri ndi misozi yodzaza ndowa. Zaka makumi awiri ndi chimodzi ndakolopa nyumba imene ija ku Harare mpaka ntchentche zimaterereka zikatera pakhoma.

Nkhani ndi iyi. Chaka chatsala pang'ono kukwana chimwalirireni mchimwene wathu Takawira, ndipo mzimu wake udakali kuthengo, sitinaubweze pakhomo. Mkazi wake Raviro adakali m'zakuda. Abambo aang'ono a Gwatidzo akuti mwambo uchitike Loweruka pa 8 Okutobala. Ukudziwa kuti Novembala akalowa mizimu imapumula, palibe wogogoda pamanda, kenako mvula, ndiye kuti mpaka chaka chamawa.

Anafunsa kuti mowa afulule ndani, poti pafunika mkazi wa magazi athu amene analeka kubereka. Ine ndinangotsokomola. Anthu onse anatembenuka. Ena akuti ndaiwala. Kodi ng'ona imaiwala kusambira chifukwa yakhalitsa pamchenga? Iwe unali mnyamata, koma ukukumbukira ukwati wa kwa Chinyama, pamene wapolisi anamwa zipanda ziwiri za mowa wanga nasiya njinga, n'kupita kwawo akuchitira sawatcha zulu zonse za m'njira. Mowa wanga umawawasa mwaulemu. Ukangolawa, makutu amagwedezeka okha.

Mlamu wako Raviro ali bwino, zakudazo zamukhala. Bambo wosambitsa ng'ombe kudibi akamadutsa pano amatsika njinga popanda chitunda, n'kumafunsa moyo wa ng'ombe zimene wazisambitsa dzulo lomwe. Ndamuseka Raviro mpaka wathawira kukhitchini.

Tumiza kangachepe ka mbuzi ya kumanda, ndipo upemphe tchuthi msanga.

Ine mlongo wako wamkulu,
Keresenzia

*

Mpopoma, Bulawayo
4 Sepitembala 1994

Achemwali,

Kalata yanu ndalandira. Tonse tili bwino, mayi a ana akupereka moni. Ya mbuzi ndapatsira kondakitala wa basi ya Lachisanu.

Ine ndikuona kuti mwambowu mukuufulumiza. Kodi chavuta n'chiyani kudikira chaka chamawa? Malemu sathawa. Kuno kunjanji tchuthi n'chovuta.

Chinanso, musakwiye. Zaka makumi awiri ndi zambiri. Mowa wa mizimu si tiyi wa azungu. Ukakana, mukudziwa zimene anthu amanena. Bwanji osapempha mayi a Dzikamai a kutsidya kwa mtsinje akuthandizeni? Ndimamva kuti masiku ano ndi iwo amene amafulula m'dera lonselo.

Ine,
Jokoniya

*

Mudzi wa Rambai
25 Sepitembala 1994

Jokoniya,

Moni. Mbuzi tagula, yakuda, yaulemu kuposa iwe.

Ukuti ndikapemphe nzeru kwa mayi a Dzikamai? Mkazi amene uja ndinamuphunzitsa ndine kugwira mthiko. Mowa wake woyamba tinapatsa nkhumba, nkhumbayo inasamuka mudzi. Ndipo zoti chaka chamawa usazinenenso. Mwana wa eni ake avale zakuda zaka ziwiri chifukwa iwe ukuopa kapitawo wako?

Chimera chatheka. Mawere ndinanyika m'thumba kumtsinje masiku awiri, ndinawafunditsa masamba, anamera ngati ndevu za mneneri. Ndayanika pathanthwe, ndapera. Fungo lake agalu a midzi itatu abwera kudzafunsa.

Kwa mayi a Dzikamai ndinapitako, koma osati kukapempha. Ndinakatenga mbiya zitatu za malemu amayi athu, zimene anabwereka chaka chomwe ndinachoka ine, n'kumafululiramo mpaka lero ngati zawo. Ndinawapeza akutola nsabwe mdzukulu.

"Mwabwera kudzatenga ana anu, a ku Harare?"

"Ndabwera kudzawapulumutsa."

"Atengeni. Koma musawasambitse kwambiri, sanazolowere."

Wamva chipongwe chimenecho? Ndinati, "Ndaona kale kuti pakhomo pano madzi ndi mlendo." Iwo anangoseka ndi mano awo atatu aja.

Jokoniya, ukanaona m'kati mwa mbiyazo ukanalira. Litsiro lokhuthala ngati chala changa chachikulu, lakuda, lonunkha. Zimenezo n'zoikiramo mowa wa mchimwene wanga? Ndinatenga mtanda wa sopo umene ndinabwera nawo, mchenga ndi chitsononkho. Ndinakwecha, n'kuthira madzi owira, n'kukwechanso, katatu konse, kenako padzuwa masiku awiri. Raviro anatunga madzi mpaka khosi linalowa m'mapewa. Nthawi ina anatsegula pakamwa ngati anene kanthu, anatsekanso. Ndikuganiza kuti anali asanaonepo ukhondo wotere. Pano mbiyazo ukhoza kumeterapo ndevu.

Ndiyamba kufulula Loweruka pa 1. Ubwere ndi m'mimba mopanda kanthu.

Keresenzia

*

Mudzi wa Rambai
9 Okutobala 1994

Jokoniya,

Moni. Ndikhulupirira telegalamu imene ndinakutumizira inakupeza usanakwere basi. Ndikufotokozere bwino, chifukwa kupositi amawerenga mawu ngati mazira.

Zonse ndinachita monga kale. Phala ndinaphika, linagona, tsiku lachitatu linasasa bwinobwino. Ndinaliphikanso tsiku lonse, ndinathira chimera, ndinaika m'mbiya. Apo n'pamene mowa umayamba kulankhula. Ukaika khutu umamva ngati mvula ikuyamba kugwa padenga la malata. Lachinayi ndinaika khutu, zii. Lachisanu m'mawa, zii. Pamwamba panali khungu loyera, ndipo nditaviika chipanda zinatanuka ngati therere.

Alendo ena anali atafika kale. Abambo aang'ono ananunkhiza, anathira pansi, anapukuta chipanda ndi udzu. Anati, "Mwana wathu Takawira wakana. Pali chimene chamunyansa pakhomo pake." Sanatchule munthu. Koma maso a anthu onse anapita kukhitchini kumene kunali Raviro.

Ine ndikuti ndi mphepo. Sabata ino kunali kamphepo kachilendo. Komanso madzi a pamjigo amanunkha chitsulo, kale tinkatunga pachitsime. Ndipo mawere a masiku ano ndi a feteleza, alibe mtima. Manja anga ndi omwe aja, usakayike.

Mbuzi ili moyo, ndi yokhayo imene yasangalala.

Keresenzia

*

Mpopoma, Bulawayo
10 Okutobala 1994

Achemwali,

Telegalamu yanu inandipeza Lachisanu, yoti mowa wakana ndisabwere. Kalata yofotokoza sinafike, koma sindikudabwa.

Poti munanena kuti ntchitoyi mumaidziwa kuposa aliyense, vuto silingakhale kwa wofulula. Tonse tikudziwa kuti mowa wa malemu umakana ngati wamasiye sanadzisunge. Ndabwereranso ku kalata yanu ya mu Ogasiti, pamene munalemba za bambo wa kudibi wotsika njinga. Ndamva zimene munkafuna kundiuza. Ndalembera abambo aang'ono kuwadziwitsa, kuti aone chochita. Mwambo uime kaye.

Ine,
Jokoniya

*

Mudzi wa Rambai
14 Okutobala 1994

Alamu,

Ndikupereka moni ndi ulemu kwa inu ndi amayi kunyumbako. Ndine Raviro, mayi a Shupikai. Sindinakulembereniponso, mundikhululukire.

Dzulo abambo a Gwatidzo anandiitana. Akuti alandira kalata yanu. Akuti mwezi uno ukamatha ndibwerere kwathu ku Bikita, ana atsale poti ndi a mtundu wanu. Pamjigo ndikafika amayi amasuntha ndowa zawo.

Bambo wa kudibi dzina lake sindilidziwa. Amandipatsa moni, ndimayankha. Chimwalirireni abambo a Shupikai ndimagona ndi ana anga awiri pamphasa imodzi, afunseni.

Pali chimene ndinaona ndi maso anga pa mbiya zija. Koma mtengwa saphunzitsa ntchito mwana wa pamudzi. Amene akudziwa akudziwa.

Sindikupempha kanthu. Ndimangofuna kuti mumve kuchokera kwa ine.

Raviro

*

Mudzi wa Rambai
20 Okutobala 1994

Jokoniya,

Moni ndikupatsa chifukwa amayi anatiphunzitsa, osati chifukwa ukuyenera. Iwe unapita kusukulu mpaka kumapeto, koma nthabwala sutha kuwerenga? Ndikalemba kuti nkhumba inasamuka mudzi, ukapita kukaifunsa kumene ikukhala? Bambo wa kudibi amatsikira njinga aliyense, ngakhale ine, chifukwa njingayo ilibe mabuleki.

Koma ndisakulalatire wekha. Khala pansi, ndikuuze chimene sindinauzepo munthu chibadwire. Ndinalakwa ndine.

Ndinadziwa Lachisanu lomwe lija, chipanda chili m'manja. Chija ndinkachitcha litsiro ndicho chimadzutsa mowa. Mbiya ya mowa amaitsukuluza ndi madzi ozizira basi, sopo sayandikira. Amayi anandiuza ndili ndi mabere ongophuka, ineyo ndinauzanso ena. Koma zaka makumi awiri za kukwecha mapoto a eni zinandilowa m'manja, mutu unatsalira m'mbuyo. Ndinapha mbiya za amayi, zitatu zonse, n'kuziyanika padzuwa.

Ndinakhala chete masiku khumi. Ndinkati mphepo, ndinkati mjigo. Kalata yako itafika ndinakhalabe chete, ndimvekere zitha zokha. Lolemba ndinapeza Raviro akumanga mbale zake m'nsalu. Anali atanditenthetsera kale madzi osamba monga amachitira tsiku lililonse. Anati, "Azakhali awo, wamng'onoyu akadwala malungo sanena, amangokhala kuseri kwa nkhokwe. Muzikamuyang'ana kumeneko." Madzi aja sindinasambe. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Ndinawoloka mtsinje. Mayi a Dzikamai anandiona ndikadali patali, anakhala pampando, anapinda manja.

"Ana aja ali bwanji?"

"Amwalira."

"Ndi matenda anji?"

"Ukhondo."

Anaseka mpaka anatsokomola, mdzukulu anachita kuwamenya pamsana. Ine ndili chiimire ngati mwana wa sukulu wochedwa. Atapuma anati, "Ndinakuuzanitu."

"Munandiuza ngati mukundinyoza."

"Nanga inu mumamva munthu akakuuzani bwinobwino?"

Ndinapempha mbiya imodzi yamoyo ndi chimera chawo, poti nthawi yomeretsa china yatha. Anati apereka ziwiri, koma poyamba ndikanene pamaso pa anthu zimene ndawauza iwo. "Osati monong'ona. Ndi mawu omwe aja munanenera kuti mowa wanga unathamangitsa nkhumba."

Lachiwiri abambo aang'ono anaitana anthu pansi pa mkuyu. Ndinaimirira, ine Keresenzia, ndinanena zonse, sopo, mchenga, chitsononkho. Anthu anali ngati zikwi ziwiri, kapena makumi atatu, sindinawerenge. Nkhalamba ina inafunsa ngati ku Harare timatsukanso mchere. Abambo aang'ono sanaseke. Anati, "Pakamwa pa munthu pamatha kuphimba mnzake. Mowa suphimba. Fululanso, ndi manja ako omwewo. Ukawira, mtengwa alibe mlandu. Ukakananso, apita."

Ndiye ndiyamba mkuja, Loweruka pa 22, kuti mwambo ukhale pa 29. Likadutsa tsiku limenelo Novembala watipeza. Ubwere. Ndipo undiuze zoona, chifukwa ine ndavula kale pagulu: n'chifukwa chiyani kuyambira Ogasiti ukungokankha mwambowu? Ngati ndi ng'ombe za Takawira ukufuna, nena.

Keresenzia

*

Mpopoma, Bulawayo
24 Okutobala 1994

Achemwali,

Makalata anu awiri afika pamodzi ndi ya alamu. Ndachita manyazi.

Si ng'ombe. Mukudziwa kuti tikachoka kumanda, wamasiye amadumpha chibonga cha malemu, kenako amatenga beseni la madzi n'kukaika pamaso pa amene akufuna kuti amulowe chokolo. Mchimwene wotsala ndine ndekha. Ine ndine mkulu wa mpingo. Mayi a ana anandiuza kuti ndikasamba m'manja m'beseni limenelo ndisabwerenso ku Mpopoma. Ndikakana pamaso pa anthu, ndanyoza malemu. Ndinkaona kuti mwambo ukachedwa ndipuma. Mowa utakana ndinagwira chimene chinali pafupi, osaganiza kuti chigwera ndani.

Ndalembera abambo aang'ono kubweza mawu anga. Alamu muwauze kuti ndapepesa. Ndifika Lachisanu. Izi musauze munthu.

Jokoniya

*

Mudzi wa Rambai
31 Okutobala 1994

Wokondedwa Jokoniya, kalulu wa njanji,

Moni. Ndikhulupirira unafika bwino, poti liwiro limene unachoka nalo pano basi inali yosafunika. Unati ukukataya madzi kuseri kwa khola. Mpaka lero tikukudikira. Anthu ena akuti anakuona pasiteji nsapato zili m'manja.

Poti unafika Lachisanu mochedwa n'kuthawa tisanakhale pansi, ndikuuze zimene unaphonya, kutsogolo ndi kumbuyo.

Sabata yonse ija sindinadzitame ngakhale kamodzi, funsa aliyense. Mayi a Dzikamai ankabwera m'mawa uliwonse, kukhala pamthunzi ndi fodya wawo wa m'mphuno, osagwira kanthu, kumangoti, "Moto wachuluka, a ku Harare." "Takasani pansi, a ku Harare." Ndinkangoti inde. Tsiku lina ndinasamba m'manja ndisanagwire mthiko, anandinunkhiza zala chimodzichimodzi ngati galu wa apolisi.

Lachitatu madzulo ndinathira m'mbiya zawo. Lachinayi m'mawa ndinaopa kuika khutu. Ndinazungulira nyumba kawiri, ndinakaona mbuzi, ndinabwerera. Raviro saloledwa kulowa mmene muli mowa, ndiye anaima pakhomo, mwana kumbuyo kwake. Ndinagwada, maondo analira, ndinati khalani chete inu. Ndipo ndinamva. Poyamba pang'ono, ngati chiswe m'denga. Kenako mvula yeniyeni. Pofika masana thovu linali likukwera m'khosi mwa mbiya.

Ndinangotuluka. Raviro anandiyang'ana kumaso, anakhala pansi pomwepo pakhomo, n'kuphimba mutu ndi nsalu.

Za kumanda unaziona wekha. Unaona abambo aang'ono akulawa n'kutseka diso limodzi. Unaona tikuthira pamanda, mbuzi ikudzigwedeza kusonyeza kuti mzimu wavomera, tikubwera naye Takawira kunyumba ndi nyimbo. Unamwanso zipanda zitatu, iwe mkulu wa mpingo, ndinawerenga. Ndinene zoona, mowawo sunafike pa uja wa wapolisi. Unawawasa mopitirira pang'ono kumapeto kwa lilime. Koma unali mowa.

Utathawa, anayala mphasa pabwalo, anaika chibonga cha Takawira pansi. Raviro anachidumpha katatu, osapunthwa, osayang'ana munthu. Amayi aja osuntha ndowa ndiwo anayamba nthungululu. Kenako amuna a mtundu wathu anakhala pamzere. Malo ako anali pululu. Panali ana a abambo aang'ono awiri, wina atapesa tsitsi ndi mafuta, wavala ndi tayi. Ine ndinali kumbali ndi amayi anzanga, ndikusefa mbiya yachiwiri.

Raviro ananyamula beseni. Anadutsa woyamba. Anadutsa wa tayi. Anadutsa mpando wako osauyang'ana n'komwe, ndiye ukanatha kukhala, mantha ako onse aja anali a ulere. Anazungulira bwalo lonse, anthu akudabwa, n'kudzagwada pamaso panga.

Ndinati, "Iwe, wasochera. Amuna ali uko."

Anati, "Sambani, azakhali awo."

Abambo aang'ono anati mwambo umalola. Wamasiye akapereka madzi kwa mlongo wa malemu, ndiye kuti safuna mwamuna wina, akhala pakhomo pake ndi ana ake, ndipo mlongoyo ndiye amuyang'anira. Ndinasamba. Manja anali masese okhaokha, madzi anayera ngati mkaka. Mayi a Dzikamai anakuwa ali kumbuyo kuti, "Mpatseni sopo, ndi wa ku Harare ameneyo." Bwalo lonse linagwa ndi phwete.

Dzulo wavula zakuda. Wavala diresi lachikasu limene linali pansi pa sutikesi, likununkha mankhwala a njenjete. Mbale zija wamasula, zabwerera pathandala.

Madzulo tikusenda mtedza ndinamufunsa. Ndinati, "Pabwalo ponse paja, ndi wa tayi yemwe, unaona chiyani pa nkhalamba ya maondo olira, imene inatsala pang'ono kukuthamangitsa pamudzi?"

Sanadzutse mutu. Anati, "Ndinkafuna amene amatha kuimirira pagulu n'kunena kuti ndalakwa. Ndinayang'ana pamzere paja, sindinamuone."

Ndinafuna kuyankha, iwe ukundidziwa sindisowa mawu. Koma khoko la mtedza linandilowa m'diso.

Upereke moni kwa alamu, uwauze agone tulo.

Ine mlongo wako, mwini nyumba ya Takawira,
Keresenzia